Mangawa a Wokhala Kumtunda

Pa misonkhano yathu ya olemba timakonda kukangana za chilungamo ngati kuti chimakhala m'mabuku mokha. Ine ndifuna ndichitsitsire pansi, ku nkhani imene sitiitchula pa maso pa apongozi: kumene zimapita zonyansa zathu tikazigujumula m'chimbudzi.

Kamudzi kakayamba kukula, pakamangidwa sukulu yogonera pomwepo, kachipatala ndi nyumba za aphunzitsi zokhala ndi mipope, madzi oipa amachuluka koti dzenje silingawameze. Ayenera kupita kwina, ndipo madzi saiwala khwawa. Tsono funso langa nali: kodi wokhala kumtunda kwa mtsinje ali ndi mangawa anji kwa wakumunsi, munthu amene sadzamuona nkhope, amene sadzakhala naye ngakhale pa maliro?

Mwambo wathu umatha kuweruza anthu odziwana. Mbuzi yako ikadya chimanga cha mnzako, mumapita kwa nyakwawa ndipo umalipa. Mtsinje ndiye umasenza mlandu n'kukautula kutali, pa mwana wotsegula m'mimba, popanda mboni. Taonani Likangala. Amatsika phiri la Zomba, kudutsa m'tauni, kulowa m'midzi ndi m'minda ya mpunga, n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda potulukira. Mayi wotunga madzi kufupi ndi nyanjayo akamsumire yani? Amene amlakwira ndi ambiri, ndipo aliyense wa iwo waonjezapo pang'ono chabe.

Ena amati madzi oyenda amadzitsuka okha. M'mawu amenewa muli choona: dzuwa, mpweya ndi tizilombo tina ta m'madzi zimaonongadi zonyansa. Koma mtsinje wa mwezi wa Okotobala, woonda ngati ulusi, sungaithe ntchitoyi. Tizilomboto tikapeza chakudya chochuluka timatha mpweya wa m'madzi, nsomba n'kuyamba kufa.

Chondivuta mumtima n'chakuti njira yake si yozizwitsa ayi. Amakumba madamu atatu otsatana. Loyamba ndi lakuya, m'mene zolemera zimadikha n'kuvunda. Lachiwiri ndi lalikulu koma losaya, ndipo ndere zimapatsa madzi mpweya dzuwa likamawala. M'lachitatu dzuwa limapha tizilombo ta matenda totsala. Pakapita masabata angapo, madzi amatuluka oti mtsinje ungawalandire. Sipafunika magetsi kapena makina a kunja. Pafunika malo, mpanda wotchinga ana ndi ng'ombe, munthu wa chikwakwa woti udzu usamere m'mbali ndi kuweta udzudzu, ndi anthu ochotsa matope pakapita zaka.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wolipira munthu wa chikwakwayo sadwala damu likafa, ndipo wodwalayo saitanidwa ku msonkhano wogawa ndalama. Damu latsopano limavinidwa chimtali pa tsiku lotsegulira. Kulivuula matope palibe amene amakuimbira nthungululu.

Mnzanga wina angatsutse kuti akumtundawo nawonso ndi osauka, ndipo damu lidzadya dimba la munthu ndi kununkhira oyandikana nalo. N'zoona, ndipo mwini dimba ayenera kulipidwa. Koma sindivomera kuti umphawi ukufafaniza mangawawo. Gogo wa chimbudzi chokumba, bola achikumbe kutali ndi chitsime, amasunga zake pakhomo pake. Ndife ophunzira, okonda mpope, amene tasankha ukhondo wotumiza uve kwa ena. Wosankha mpope wasankhanso damu, afune asafune, ndipo mtengo wa ziwirizi uyenera kulembedwa pa pepala limodzi.

Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pofika mu 2023. Kachilombo kake kamayenda njira imodzi, kuchoka m'chimbudzi cha munthu kukafika pakamwa pa wina, kudzera m'madzi kapena chakudya. Ambiri a ife tinamva nkhaniyi pa wailesi, tili m'nyumba za mipope.