Zilembo za m'makhololo

Usiku uno wina akutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo ine tulo tathawa. Ndakumbuka alamu anga. Anapereka makhololo m'kabotolo, nayamba kumwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ife n'kumangowayang'ana m'masaya ngati thupi likubwerera. Anachira itatha miyezi isanu ndi umodzi. Koma masabata oyamba aja panalibe wotiuza ngati mankhwalawo akukagwira kachilombo kapena akungodutsa.

Kachilombo ka chifuwa chachikulu (TB) sikafulumira. Kamatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti kagawike pawiri, moti a ku labotale akati akalere m'botolo n'kukayesa ndi mankhwala amodziamodzi, masabata amatha. Odwala ena masabatawo alibe. Ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, mu 2005 ndi 2006 anapeza anthu 53 ali ndi TB yokana mankhwala oyamba ndi achiwiri omwe. Anamwalira 52, theka la iwo m'masiku 16 okha. Kwa ambiri zotsatira zinkafika maliro ataikidwa kale.

Chimene chimandikhazika mtima pansi n'chakuti kachilomboka kamayenda ndi mbiri yake yolembedwa. DNA yake ili ndi zilembo pafupifupi 4.4 miliyoni, ndipo inawerengedwa yonse koyamba mu 1998. Chilembo chimodzi chikasintha pamalo otchedwa rpoB, mankhwala a rifampicin amasowa pogwira. Chikasintha pa katG, mankhwala a isoniazid amalowa m'thupi koma osadzuka kuti agwire ntchito. Wodziwa kuwerenga zimenezi sadikira kuona mankhwala akulephera m'botolo, kapena m'chifuwa cha munthu.

Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linavomereza mu 2010 ndipo afika m'zipatala zathu, amayankha m'maola awiri. Ndimawalemekeza. Koma pofufuza kukana kwa rifampicin amayang'ana kachigawo ka zilembo 81 zokha. Ku Eswatini kunapezeka TB imene kusintha kwake kuli kunja kwa kachigawoko, ndipo pa makhololo a TB yosamva mankhwala amene anatoledwa kumeneko cha m'ma 2009, pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse anali otero. Makina sananame ayi, anayang'ana pomwe anauzidwa. Koma ndimaganiza za mayi wobwerera kumudzi ndi mapiritsi m'kansalu, mtima uli m'malo, kukagona chipinda chimodzi ndi ana ake.

Ndiye chifukwa chake ndimati buku la DNA ya kachilomboka liziwerengedwa lonse. Mu 2018 ofufuza a gulu la CRyPTIC anaonetsa, pa tizilombo toposa 10,000 tochokera m'mayiko 16, kuti DNA imalosera bwino ngati mankhwala anayi oyambirira agwira. Mu 2021 WHO inatulutsa kaundula wa zosintha zoterezi, wochokera pa tizilombo toposa 38,000. Tonseto tinatuluka m'chifuwa cha munthu wina amene anadzuka m'mamawa, nakhosomolera m'kabotolo, osadziwa kuti akuthandiza mlendo wa kutsidya kwa nyanja.

Nafenso tili m'nkhaniyi. Ku Karonga ofufuza anasunga tizilombo ta odwala kuyambira 1995 mpaka 2010, nawerenga DNA ya toposa 1,600 pofuna kuona mmene matendawa amayendera pakati pa anthu. Zimandikhudza kuti anthu a m'mbali mwa nyanja kumpotoko anaphunzitsako dziko lonse. Chimandiwawa n'chakuti makina owerengera DNA ndi odula, ndipo amakhala kutali ndi amene chifuwa chawagwira kolimba. Nzeruyi ikamathera m'malabotale a m'mizinda ikuluikulu, wodwala wakumudzi azidikirabe monga anadikirira alamu anga.

Chifuwa chija chayambanso kuseriko, chouma, chochokera pansi. Ndakhala ndikuchimva masabata oposa awiri tsopano. Achimwene, kukacha ndikugogoderani, tipitire limodzi mukapereke makhololo.