Musanamasule Mfuti ya Agogo Anu

Adzukulu anga a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, khalani pansi tikambirane. Ena mwa inu mwatulukira mfuti ya mpweya kuseri kwa kabati, ija agogo anu ankaphera makoswe kukhola la nkhuku. Mwina ndi BSA Meteor ya ku Birmingham, imene inayamba kupangidwa mu 1959, mwina ndi Diana ya ku Germany. Mwayesa kuwombera, koma kachipolopolo kake kakungogwera pafupi. Anzanu akuti sipuling'i yatha, ingosinthani. Akhoza kukhala akunena zoona, komatu safunsa anadya phula.

Yambani mwamvetsa mmene imagwirira ntchito. Mulibe wonga mmenemo. Mukapinda mpope, pisitoni imabwerera mmbuyo nkupanikiza sipuling'i. Mukakhethemula, sipuling'i imakankha pisitoni ija, mpweya nkutuluka ndi mphamvu monga zimachitikira mu pampu ya njinga, kachipolopolo nkuuluka. Choncho mfuti ikafooka, si nthawi zonse pamene sipuling'i ndiyo yalakwa. Onani kaye kamphira kapena kachikopa kotseka mpweya popindikira mpope. Onaninso chikopa cha kumutu kwa pisitoni, chifukwa chikauma mpweya umangothawira m'mbali. Koma mukamva kukhwekhwereza popinda, kapena mpope ukupindika mopepuka kuposa kale, dziwani kuti sipuling'i yathyoka kapena yatopa.

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene anthu amavulalira. Ngakhale mfuti isanatcheredwe, sipuling'i imakhala yopanikizika kale mkatimo. Mukangochotsa kachitsulo kotsekera kumbuyo, chitsekerero chimafwamphuka, ndipo chikhoza kukuchotsani dzino kapena diso. Onetsetsani kuti mumpope mulibe kanthu ndiponso mfutiyo sinatcheredwe. Chotsani thabwa lake. Kenako bwerekani kilampu yaitali kwa kalipentala, ija amapanira matabwa a chitseko, muike chitsulo cha mfuti pakati, kathabwa kakang'ono mbali zonse. Panani pang'ono, chotsani kachitsulo kaja, ndiyeno masulani kilampu pang'onopang'ono mpaka mphamvu yonse ithe. Nkhope yanu isayang'anane ndi kumbuyo kwa mfuti. Musapanikize ndi chifuwa kapena bondo podzionetsa kuti ndinu amuna.

Sipuling'i yakaleyo musataye. Werengani mapindi ake, yezani kunenepa kwa waya ndi kukula kwa chibowo chake, kuti yatsopano ifanane nayo, podziwa kuti yotopa imakhala itafupikako. Amisiri a zitsulo a ku Ndirande ndi aluso, ndipo wina adzakuuzani kuti akuduleni sipuling'i ya njinga yamoto kuti mfuti ilire kwambiri. Mukaneni mwaulemu. Sipuling'i yolimba kuposa muyezo imadya kachitsulo kogwira pisitoni, tsiku lina mfuti nkuwomba yokha. Imagwedezanso mfuti mwakuti simungalase pamene mwaloza. Imene mwagulayo nsonga zake zikhale zosalala, zopalidwa mofanana.

Pobwezera, pukutani mkati monse. Pakani girisi wochepa pa sipuling'i ndi m'mbali mwa pisitoni, chikopa muchifewetse ndi mafuta a zikopa. Oyilo wa galimoto asafike kutsogolo kwa pisitoni. Mpweya ukapanikizika umatentha kwambiri, oyiloyo nkuyaka ngati dizilo mu injini. Mudzamva kuphulika, utsi nkutuluka, inu nkumasangalala kuti mfuti yachira, pamene chikopa chikupsa ndipo sipuling'i yatsopanoyo ikuphwanyika.

Ikachira, isungeni motere. Musawombe mulibe kachipolopolo, chifukwa pisitoni imakamenya chitsulo popanda mpweya woitchinga. Musaisiye yotchera usiku wonse. Poika kachipolopolo, dzanja lina ligwire mpope mwamphamvu, pakuti ukabwerera wokha umapana zala. Mukagwira tizipolopolo ta mtovu timeneti, sambani musanadye.

Palinso za kunja kwa mpanda. Mukapita nayo kwa mmisiri, ikulungeni bwino, musaionetse mu minibasi kapena pamsika wa Limbe. Munthu wa patali sasiyanitsa mfuti ya mpweya ndi ya mbava, ndipo gulu likakuwa kuti wakuba silidikira kuti mufotokoze. Pitani kupolisi mukafunse za chilolezo musanayambe kuyenda nayo. Nyumba zathu m'matauni muno nzothithikana, ndiye poyeserera ikani mulu wa mchenga kuseri kwa chimene mukulasa, chifukwa kachipolopolo kakagunda khoma kamabwerera. Mbalame za ku Michiru ndi ku Soche zisiyeni ziimbe. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu munthu angagwire ukaidi zaka mpaka 30.

Ngati mulibe kilampu, dikirani mpaka muipeze. Ngati mtima ukukayika, tengani mfutiyo mupite nayo kwa munthu amene anamasulapo ina, mukhale pambali pake muone mmene manja ake akuchitira. Kuthamanga sikufika, ana anga. Ndikufuna mudzaphunzitse adzukulu anu ntchito imeneyi muli ndi maso onse awiri ndi zala zonse khumi.