Bwenzi Lapamtima, Mbale wa Awo Opanda Abale

DERA la Darwendale lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumadzulo kwa Harare, mu Zimbabwe, pafupi ndi damu lalikulu la pamtsinje wa Manyame. Kwa zaka makumi ambiri linali lodziŵika ndi mapulazi aakulu a fodya. Ambiri a awo amene anali kuthyola fodyayo ndi kuchezera kusonkhezera moto m'mabalani sanali eni nthaka. Iwo, kapena makolo awo, anachokera ku Malaŵi, Mozambique, ndi Zambia, ena wapansi, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Ochuluka sanabwererenso kwawo, ndipo kumudzi anatchedwa matchona.

Pakomboni ya pulazi munthu analibe mwinimbumba, analibe amalume omkambira mlandu, ndiponso analibe manda a makolo. Kodi munthu wotero akanathamangira kwa yani tsoka litamgwera? Baibulo linayankha kalekale. Lemba la Miyambo 27:10 limalangiza munthu kusataya bwenzi lake, likumasonyeza kuti panthaŵi ya tsoka mnansi amene ali pafupi amathandiza kuposa mbale amene ali kutali.

Pamene Nthaŵi Zinaipa

Chilala cha mu 1992 chinali chiyeso chachikulu, koma zoŵaŵa koposa zinadza pambuyo pake. Kuyambira mu 2000, pamene mapulazi anayamba kutengedwa ndi kugaŵidwanso, antchito zikwi zambiri anataya ntchito. Popeza kuti nyumba ya pakomboni inayendera limodzi ndi ntchito, ambiri anatayanso pogona. Wantchito Wachishona akanatha kubwerera kumudzi kwawo. Koma mdzukulu wa mtchona, wobadwira papulazi ndipo wosaonapo Dedza kapena Ntcheu, analibe mudzi wobwererako. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a iwo akuŵerengedwa monga alendo m'dziko limene anabadwiramo, ndipo zimenezi zinayamba kuwongoleredwa ndi malamulo a dziko atsopano a mu 2013. M'chaka cha 2008 ndalama zinatheratu mphamvu, ndipo kolera imene inabuka m'chaka chomwecho inapha anthu oposa 4,000 m'dzikomo.

Mipingo sinali yachilendo pakati pa anthu ameneŵa. Kale mu 1912 mishoni ya ku Nkhoma inatumiza mbusa T. C. B. Vlok ku Salisbury, amene tsopano ndi Harare, kukasamalira Akristu ochokera ku Nyasaland. Mpingo ungasonkhe ufa, ungaimbe pamaliro, ndipo ungapempherere ovutika. Zonsezo nzamtengo wapatali. Komabe, pali zinthu zina zimene khamu silingachite. Talingalirani za mwamuna amene anali kapitawo wolemekezeka, amene tsopano akugona m'chisakasa ndipo alibe malaya abwino ovala popita kokalambira. Iye sadzaimirira pamaso pa mpingo kunena kuti ana ake agona ndi njala. Adzangoleka kufika. Kodi ndani adzazindikira kuti malo ake pabenchi ali opanda munthu, ndi kudziŵa chifukwa chake popanda kuuzidwa?

Mtumwi Paulo anadziŵa mkhalidwe umenewo. Pamene anali m'ndende ku Roma nthaŵi yomaliza, ambiri a ku Asiya anamfulatira. Koma Onesiforo, amene anatumikirapo ku Efeso, sanachite manyazi ndi maunyolo a Paulo. Atafika mumzinda waukuluwo, sanayembekezere kuitanidwa. Anamfunafuna mwakhama kufikira atampeza, ndipo anamtsitsimula kaŵirikaŵiri. (2 Timoteo 1:15-18) Paulo anali ndi mipingo yambiri yomkonda, koma Onesiforo ndiye anamfunafuna kufikira atafika pakhomo la ndende.

Akazi Aŵiri Amasiye ndi Munda wa Mwini

Nkhani ya Naomi njosavuta kumva kwa aliyense amene anakulira papulazi. Njala inachotsa banja lake ku Betelehemu kumka ku Moabu. Kumeneko mwamuna wake Elimeleki anamwalira, ndipo patapita zaka ngati 10 ana ake aamuna aŵiri anamwaliranso. Pobwerera kwawo, Naomi anakakamiza apongozi ake aŵiri Achimoabu kubwerera kwa amawo. Olipa anabwerera. Palibe lamulo limene linamanga Rute kutsagana naye, ndipo panalibe phindu looneka. Komabe anaumirira, nasankha anthu a Naomi ndi Mulungu wa Naomi kukhala ake.—Rute 1:1-18.

Taonani zimene Rute anachita, ndi zimene sanachite. Atafika ku Betelehemu, Naomi analankhula moŵaŵidwa mtima, akumati Wamphamvuyonse anamchitira zoŵaŵa, ndi kuti anabwerera wopanda kanthu. Mawuwo ananenedwa Rute ali chiimire pambali pake! Malemba samasonyeza kuti Rute anakhumudwa kapena kuti anamdzudzula kaamba ka kufooka chikhulupiriro. M'malo mwake, anapempha chilolezo namka kukakunkha m'munda wa mwini, ali mlendo pakati pa otuta. Madzulo anabwera ndi barele wokwanira efa mmodzi, pamodzi ndi chakudya chimene anatsaza pa nkhomaliro yake. Panali pambuyo pa zimenezo pamene Naomi anayambanso kulankhula za kukoma mtima kwa Yehova.—Rute 1:19–2:20.

Mabwenzi atatu a Yobu anachita mosiyana. Anayamba bwino, akumakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu. Atatsegula pakamwa, anayamba kufunafuna tchimo limene Yobu anabisa. (Yobu 2:11-13, 22:5-9) Nzachisoni kuti otonthoza otero sanathe. Mkazi wamasiye wothamangitsidwa m'nyumba safunikira kuuzidwa kuti akanasunga ndalama pamene zinthu zinali bwino. Afunikira wina womthandiza kusenza katundu, wogaŵana naye ufa wa m'mbale imodzi, ndi womperekeza kokalambira kuti asaloŵe yekha.

Koma bwenzi Lachikristu limachita zoposa kupereka chakudya. Pamene Davide anali kubisala m'chipululu cha Zifi, Jonatani anampeza namlimbitsa mwa Mulungu, akumamkumbutsa za chifuno cha Yehova kwa iye. (1 Samueli 23:15-18) Jonatani sanathe kuchotsa Sauli panjira, monga momwe mnansi wa pakomboni sakanathera kubwezeretsa ntchito ya mnzake. Ndipo sanakhalitse kumeneko. Anasiya Davide akuchirimika pa Uyo amene akakhala naye Jonataniyo atachoka.

Ubwenzi Woyambika Kusanade

Ashona ali ndi mwambo wa sahwira, bwenzi losakhala wachibale limene limadziŵa zinsinsi za banja, limene lili ndi ufulu wa kunena zimene ena amaopa kunena, ndi limene limagwira ntchito yaikulu pamaliro. Palibe amene amafuna sahwira patsiku la maliro. Unansiwo umakula m'kupita kwa zaka. Nchimodzimodzinso ndi ubwenzi Wachikristu. Mabwenzi opezeka kumoŵa patsiku la malipiro amatha pamodzi ndi malipirowo. (Miyambo 19:4) Koma anthu aŵiri amene kwa zaka zambiri ayendera limodzi ulendo wapansi womka kokalambira, amene aŵerengerana Malemba pakuŵala kwa koloboyi, ndi amene analakwiranapo ndi kukhululukirana, amakhala atadziŵana mokwanira kwakuti wina angalandire thandizo la mnzake popanda manyazi.

Ngakhale Yesu sanayese kuti mabwenzi apamtima ngosafunika. Mwa atumwi ake 12 anali ndi atatu amene anawatenga pambali, ndipo m'munda wa Getsemane anawauza poyera za chisoni chake, nawapempha kudikira naye. Iwo anagona tulo, koma iye sanawataye. (Mateyu 26:36-46) Maola angapo pambuyo pake, mmodzi wa atatuwo, Yohane, anaima pafupi pamene Mbuye wake anali kufa. Yesu anali ndi abale ake akuthupi, koma iwo anali asanamkhulupirire m'nthaŵi ya utumiki wake. Chotero anapereka amake m'manja mwa bwenzi lakelo, ndipo Yohane anamka ndi Mariya kunyumba kwake.—Yohane 7:5, 19:25-27.