MLANDU SUWOLA



Ndiyambe ndi mlandu umene ambiri a inu mudauonapo pabwalo la mfumu. Munthu wina ali ndi ng'ombe zambiri. Abusa ake agona pamthunzi, ng'ombe zija nkulowa m'munda wa mai wamasiye, nkudya chimanga chonse. M'mawa mwake maiyo afika kubwalo. Kodi wadza kudzapempha? Iai ndithu. Wopempha amagwada pakhomo nalandira chimene mwini nyumba wafuna kumpatsa. Koma mai uyu wadza ndi mlandu. Akulu akagamula kuti mwini ng'ombe alipe matumba asanu, palibe amene amamtcha wachifundo, pakuti wangobweza za eni ake. Ndipo ngakhale anene kuti sadachite dala, bwalo silimmasula.

Ndanena fanizoli chifukwa chaka ndi chaka, dzinja likamayandikira, timamva pa wailesi kuti nthumwi za maiko zasonkhana kukambirana za kusintha kwa nyengo, ndipo ena mwa ife amangoti nthumwi zathu zapita kukapempha kwa olemera. Mau amenewa ngolakwa, ndipo ndifuna kuti inu akatekisti muwaongole pakati pa anthu anu.

Nyengo ikusintha chifukwa cha utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, zimene anthu akhala akutentha m'mafakitale, m'magalimoto ndi popanga magetsi kwa zaka zoposa 150. Utsi umenewu sutha msanga. Umakhala mumlengalenga ngati chofunda, nusunga kutentha padziko. Namondwe ndi chilala sizidayambe lero, agogo athu amakumbukirabe njala ya 1949. Koma nyanja zikatentha, namondwe amasenza madzi ochuluka koposa kale, ndipo nthaka imauma msanga mvula ikadula. Maiko amene adalemera ndi malasha ndiwo adatulutsa gawo lalikulu la utsiwo, pamene Afrika yense amatulutsa pafupifupi magawo 4 okha pa 100 alionse. Komabe ndife tidaika maliro m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, nasesa midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adasiya nyumba zao.

Maiko onse adavomera kale, pa msonkhano wa ku Rio de Janeiro m'chaka cha 1992, kuti ntchito yosamala nyengo njathu tonse, koma katundu wake sangakhale wofanana: amene adaononga kwambiri, nakhala ndi chuma chambiri, ayenera kutsogolera. Pa maziko amenewa maiko osauka amaikapo zofuna zitatu.

Choyamba, kuti ng'ombe zituluke m'munda. Ndiye kuti maiko otulutsa utsi wambiri auchepetse msanga, monga adapanganirana ku Paris m'chaka cha 2015, kuti kutentha kwa dziko kusapitirire madigiri 2, ndipo ayesetse kuti kuime pa 1.5. Kwa anthu a pa zilumba zazing'ono, theka la digiri limenelo ndi nkhani ya kukhala ndi mudzi kapena kumizidwa ndi nyanja.

Chachiwiri, kuti munda utchingidwe. Pafunika ndalama zomangira milatho yolimba ndi madamu a ulimi wothirira, zopezera mbeu zopirira kung'amba, ndi zochenjezera anthu madzi asanafike. Maiko osauka amanenetsa kuti ndalamazi zidze ngati thandizo losabweza, pakuti zambiri zimene zidaperekedwa m'mbuyomu zidali ngongole. Taganizani, abale anga: mwini ng'ombe akongoza mai wamasiye ndalama zomangira mpanda, nafunanso chiongoladzanja! Kodi bwalo liti lingavomere zotere?

Chachitatu, kuti chimanga chodyedwa kale chilipidwe. Dziko laling'ono la Vanuatu lidayamba kunena zimenezi m'chaka cha 1991, koma padapita zaka 31 osamveka, kufikira msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh m'chaka cha 2022, pamene madzi adali atangomiza mbali yaikulu ya Pakistan. Apo mpamene adavomera kukhazikitsa thumba la zoonongeka ndi zotayika. Ku Dubai m'chaka cha 2023 maiko adalonjeza kuponyamo pafupifupi madola 700 miliyoni. Chiwerengerochi chimveka chachikulu. Koma kafukufuku wa boma la Malawi ndi mabungwe othandizana nalo adapeza kuti kukonzanso zimene Freddy adaononga kufuna madola pafupifupi 680 miliyoni. Tsono thumba la dziko lonse lapansi lidangolingana ndi namondwe mmodzi m'dziko limodzi.

Nanga malonjezo ena adayenda bwanji? Ku Copenhagen m'chaka cha 2009 maiko olemera adalonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, koma mwa kuwerengera kwao komwe adakwanitsa m'chaka cha 2022. Ku Baku m'chaka cha 2024 maiko osauka adaonetsa kuti pafunika madola 1,300 biliyoni pachaka, koma chimene chidalembedwa ngati lonjezo ndi 300 biliyoni pofika 2035. Nthawi imeneyo gulu la maiko osaukitsitsa linkatsogoleredwa ndi mwana wa Malawi, Bambo Evans Njewa, ndipo nthumwi za gululo pamodzi ndi za pa zilumba zidatuluka m'chipinda cha zokambirana kwa kanthawi, poona kuti mau ao sakumvedwa.

Kodi Eklezia anenapo chiyani? Kumbukirani Zakeyo, wokhometsa msonkho wa ku Yeriko, amene Luka Woyera asimba za iye m'mutu 19. Ambuye Yezu atalowa m'nyumba mwake, iye adalonjeza zinthu ziwiri zosiyana: kugawira amphawi theka la chuma chake, ndi kubwezera kanai aliyense amene adamdyera masuku pamutu. Choyambacho ndi chifundo, chachiwiricho ndi chilungamo, ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake. Inu akatekisti mumaphunzitsa chomwecho pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri: amene waononga za mnzake sangapeze mtendere ndi kulapa kwa pakamwa pokha, ayenera kubweza monga angathere. Lamulo limeneli silisintha wolakwayo akakhala mtundu wathunthu wa anthu. Nchifukwa chake malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato si' ya 2015, adaphunzitsa kuti maiko olemera ali ndi ngongole yeniyeni kwa maiko osauka pa nkhani ya chilengedwe. Ngakhale khoti lalikulu la maiko onse la ku The Hague, poyankha funso limene Vanuatu adayambitsa, lidanena m'mwezi wa Julayi 2025 kuti dziko lophwanya udindo wake pa za nyengo lingathe kufunsidwa kulipa.

Koma tisaiwale, Akristu anzanga, kuti wonena mlandu nayenso ayenera kukhala ndi manja oyera. Sitikuitanitsa chilungamo ndi mtima wachidani, pakuti m'maiko olemerawo mulinso abale athu ambiri amene akumenya nkhondo yomweyi. Ndipo ngati thumba la ufa lotumizidwa kwa ovutika ndi madzi lithera m'nyumba ya wolemba maina, kapena malata a nyumba ya wamasiye apezeka pamsika, ndiye kuti ng'ombe zimene zadya munda kachiwiri nzathu zomwe. Munthu wochita zotere alinso ndi mlandu wobweza, ngakhale akhale wa m'komiti ya tchalitchi. Chimodzimodzi mapiri athu: sitidatenthe dziko ndife, koma phiri lopanda mitengo siligwira madzi, ndipo amene amalira ndi okhala m'munsi mwake.

Tsono ndikupemphani zitatu. Inu akatekisti, fotokozerani anthu nkhaniyi ndi fanizo la ng'ombe lija, kuti adziwe zimene nthumwi zao zimapitira kumisonkhano. Inu makolo ndi atsogoleri a m'midzi, funsani poyera pamene ndalama ndi katundu wa thandizo zapita, ndipo dzinja lino banja lililonse libzale mitengo m'mphepete mwa mtsinje ndi m'mapiri. Ndipo tonsefe, pa Misa ya Lamulungu, tipempherere nthumwi za maiko osauka kuti zisatope, ndi akulu a maiko olemera kuti Ambuye alowe m'nyumba zao monga adalowera m'nyumba ya Zakeyo. Makolo athu adati mlandu suwola. Ndipo Mulungu, amene amamva kulira kwa wamasiye, sataya chiwerengero cha matumba.

Ambuye akudalitseni nonse.