Kodi Mbiri Ndi ya Opulumuka Okha?

Cicero, mlembi wa ku Roma wakale, anasimba za Diagoras, munthu amene sankakhulupirira milungu. Ku Samothrace mnzake anamuonetsa zithunzi za anthu amene anapulumuka namondwe panyanja atapemphera, ati umenewo ndi umboni wakuti milungu imasamala za anthu. Diagoras anangokumbutsa mnzakeyo kuti amene anamira palibe anawajambula. Mfundo yakeyi lero ikusautsa anthu amene za milungu sakuziganiza n'komwe: ofufuza za msika wa masheya.

Wofufuza akafuna kudziwa mmene makampani a ku America a pa mndandanda wa S&P 500 apindulira m'zaka 30 zapitazi, njira yachidule n'kutenga mayina amene ali pamndandandawo lero n'kuwalondola chobwerera m'mbuyo. Koma mndandandawu, umene wakhala ndi makampani 500 kuyambira mu 1957, umasintha chaka ndi chaka. Enron inalipo mpaka kumapeto kwa 2001, Lehman Brothers mpaka mu Seputembala 2008, koma makampani awiriwa anagwa, ndipo pamndandanda wa lero mayina awo simungawapeze. Pa makampani 12 amene mndandanda wina, wa Dow Jones, unayamba nawo mu 1896, womaliza kuchotsedwa anali General Electric mu 2018. Choncho woyenda ndi mayina a lero amawerenga opambana okhaokha, ndipo amawasankha ndi nzeru imene wogula masheya wa zaka 30 zapitazo analibe. Chodabwitsa n'chakuti nambala iliyonse m'kafukufuku wakeyo ikhoza kukhala yolondola, koma chimene akutiuza n'kukhala chabodza. Apa m'pamene ndikuona kuti kunena zoona sikuthera pa kupewa mawu onama. Kumafunanso kuti wosowayo atchulidwe.

Wina anganene kuti si onse ochoka pamndandanda amene anagwa, popeza ena anagulidwa ndi anzawo pamtengo wabwino. N'zoona, koma amene wadziwa zimenezo wadziwa chifukwa anafufuza mayina akalewo, osafufuza akungolota. Dandaulo lolemera ndi la ndalama. Nkhokwe ngati CRSP, imene inakhazikitsidwa ku University of Chicago mu 1960 ndipo imasunga mitengo kuyambira 1926 pamodzi ndi ya makampani amene anafa, njolipira, ndipo wophunzira wa thumba lopyapyala sangaifikire. Komabe kusowa ndalama kumakhululukira kafukufuku wochepa, osati kubisa kuperewera kwake. Wofufuzayo angathe kumanga mndandanda wakale pang'onopang'ono kuchokera ku zilengezo za kusintha kwa mayina, ndipo zikamukanika alembe poyera kuti akufa sanawawerenge.

Ngakhale mndandanda wathunthu sutichotsera vutoli. Msika wa ku America umene timaphunzirapo kwambiri nawonso ndi wopulumuka. Anthu amene anagula masheya ku St Petersburg, m'dziko la Russia, chisanafike chaka cha 1917 anali ndi chiyembekezo chofanana ndi cha anzawo a ku New York, koma boma la Abolsheviki litalanda makampani, anangotsala ndi mapepala.