Mwini Thupi Ndani?

Mayi anga ali ndi zaka 78 ndipo amakhala ku Bangwe. Amadwala shuga, kuthamanga kwa magazi, ng'ala m'diso lakumanja ndi nyamakazi ya m'mawondo. Matenda anayi, madokotalanso anayi. Wa shuga timakaonana naye ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Wa maso ali pa Lions Sight First, mumpanda womwewo. Magazi amakayezetsa pachipatala chaching'ono chakwawo, pomwe mawondo timapita nawo kuchipatala cholipira. Chimene chimalumikiza madokotala onsewa ndi kabuku kakuchipatala, ndipo wosunga kabukuko ndine.

Tsiku lina kabukuko kadatsalira kunyumba kwanga ku Chilomoni. Mlongo wanga adagula kena napita ndi mayi kukaonetsa mawondo. Dokotala, poona kabuku kopanda kanthu, adalemba mankhwala aululu a bulufeni. Sindimuimba mlandu, pakuti za shuga ndi za magazi palibe adamuuza. Patapita milungu ingapo, mapazi a mayi adayamba kutupa. Dokotala wa shuga ataona mapilisiwo adatilangiza kuti asiye msanga, chifukwa mankhwala otere amakweza magazi ndi kuvulaza impso, makamaka kwa okalamba odwala shuga.

Kuyambira pamenepo ndidadziika kukhala mlonda. Mapilisi onse ndidawalemba m'kope, masiku obwerera kuchipatala ndidawaloweza, ndipo funso lililonse la dokotala ndinkayankha ndine. Ndinkadziona ngati mwana wopambana.

Koma tsiku lina tili m'minibasi yobwerera ku Bangwe, mayi adandifunsa motsitsa mawu. "Kodi mwana wanga, akudwala ndiwe kapena ine? Adokotala afunsa ine, wayankha ndiwe."

Ndidasowa chonena. Kenaka adandiululira kuti masiku a Mvano ndi a maliro sankamwa mapilisi a magazi aja okodzetsa, poopa kudzukadzuka pagulu. Chinsinsi chimenechi sichidali m'kabuku, ngakhale m'kope langa. Akadachinena liti, ine nditawalanda pakamwa?

Apa ndiye pagona funso. Kodi thupi la kholo lokalamba mwini wake ndani? Dokotala aliyense amaona chigawo chake: uyu diso, uyo bondo, winayo magazi. Mwana amaona zigawo zonse pamodzi, n'chifukwa chake ntchito yake yolumikiza madokotala ndi yofunika. Paja mutu umodzi susenza denga. Komabe wosenza nawo denga sasanduka mwini nyumba. Amene amadziwa ululu wa usiku, manyazi a pagulu ndi zimene angathe kupirira ndi wodwalayo.

Ena anganene kuti okalamba amaiwala, choncho ndi bwino kuwalankhulira. N'zoona amaiwala, ndipo kuwakumbutsa ndi udindo wathu. Koma kukumbutsa n'kwina, kulanda mawu n'kwinanso. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga bwanji pa thupi lawo lomwe timawayesa makanda?

Lero tikalowa kwa dokotala ndimapereka kabuku, n'kukhala chete mpaka mayi atatha kufotokoza. Ndimangowonjezera zimene aiwala, nditayamba ndapempha: "Amayi, ndinene za mapazi zija?" Nkhani ya mapilisi okodzetsa adaifotokoza okha, ndipo adokotala adawapatsa a mtundu wina. Ku Mvano tsopano amapita atamwa mankhwala.