MWANA WOCEDWA KUPHUNZIRA

Mau: Yohane 9:1-7

Pamene Ambuye Yesu ndi ophunzira ace anaona munthu wosaona cibadwire, ophunzirawo anafuna kudziwa mwini cimo, kapena ndiye munthuyo kapena makolo ace. Ambuye anakana zonse ziwiri, nawalozera ku nchito za Mulungu zimene zinati zioneke mwa iye.

Funso la ophunzira lija likali kumveka m'midzi. Pakakhala mwana wobwereza kalasi caka ndi caka, anzace napitirira, anthu amanong'onezana kuti atate wace anamkhwimira kuti alemere, kapena kuti amace analakwira mwambo. Potero nyumba yosowa cithandizo ilandira manyazi, ndipo alendo akafika mwanayo abisidwa kuseri kwa nkhokwe.

Koma zifukwa zace zenizeni zambiri zidziwika. Mwana wina anacedwa kupuma pobadwa. Wina anadwala malungo olowa m'bongo, kapena nthenda youmitsa khosi. Wina amace anasowa ayodini m'zakudya ali ndi pakati. Wina ali ndi cibadwa cimene Dokotala John Langdon Down anacilongosola mu 1866, ndipo mu 1959 anthu a nzeru a ku France anapeza kuti cicokera m'mapangidwe a thupi; palibe munthu anacitumiza. Aliponso mwana wocenjera, wodziwa ng'ombe za atate wace imodzi imodzi, koma zilembo zokha zimsokonekera. Kumkwapula ameneyo ndiko kulanga wosacimwa.

Tsono makolo acitenji? Coyamba, amuke naye kucipatala kuti akamuyese maso ndi makutu, pakuti ana ena oyesedwa opusa angolephera kumva mau a mphunzitsi kapena kuona zolembedwa pabolodi.

Caciwiri, amphunzitse cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, nacibwereze tsiku ndi tsiku kufikira cakhazikika. Awerengere pa njere za cimanga, alembe ndi cala pamcenga, ndipo akakhoza, ngakhale pang'ono, ayamikidwe. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Apanganenso ndi mphunzitsi kuti amkhazike patsogolo, naletse anzace kumseka.

Cacitatu, ampatse nchito ya manja: kuthirira dimba, kudyetsa nkhuku, kuluka mphasa. Pakuti mai wa mwana wotere agona ndi nkhawa imodzi, yakuti adzamsunga ndani iye atamwalira. Nchito imene mwana aiphunzira lero idzamdyetsa tsiku lomwelo.

Koma katundu uyu sayenera kusenzedwa ndi makolo okha. Mtumwi Paulo anaphunzitsa Akorinto kuti ziwalo zooneka zofooka zifunika m'thupi la Kristu (1 Akorinto 12:22). Pa Magwero, kufupi ndi Chipata, amishoni anayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905, pamene ambiri anayesa kuti wakhungu sangawerenge. Ndipo lamulo la Zambia la 2012 liletsa kusala olumala, ndi pasukulu pomwe. Mpingo usatsalire m'mbuyo mwa lamulo. Akulu a mpingo aceze m'nyumba zotere. Amai a cigwirizano apumulitse mnzao wotopa. Mlaliki wa kalasi alandire mwana amene sakhoza kuloweza Katekisma yense, koma adziwa kuti Yesu amkonda.

Mulungu amene anaumba mwanayo sadzafunsa makalasi amene anapitirira. Adzafunsa makolo ndi mpingo umo anamsungira. Iye apatse nyumba zonse zotere cipiriro ndi mtendere m'caka cino. Amen.